Seva imazima ndikatseka terminal: ndingatani kuti izigwira ntchito yokha kuseri?

Funso la wowerenga: Ndikupanga pulogalamu ya pa intaneti ndi Django pa laputopu ya Ubuntu. Mbali imene anthu amaona ndikuipanga ndi Vite, ndipo pali kaseva kena ka Node.js kotumiza mauthenga, kamene sindikakhudza kawirikawiri koma pulogalamu singayende popanda iko. Tsiku lililonse ndimatsegula ma terminal atatu, ndipo ndikangotseka imodzi mwangozi, seva imazima. Ndinayesa kuika & kumapeto kwa lamulo. Nthawi zina imazimabe, nthawi zina imatsala osaoneka n'kumandikaniza kuyambitsa ina, ati port ikugwiritsidwa kale ntchito. Ndingatani kuti izingoyenda yokha ngati mmene PostgreSQL imachitira?

Yankho: Zimenezi n'zotheka, ndipo pa Ubuntu simufunika kuikamo pulogalamu ina, chifukwa systemd, pulogalamu yoyambitsa ndi kuyang'anira zimene zimayenda kuseri, imene imayendetsa PostgreSQL yanuyo, ingathenso kuyendetsa seva zanu. Koma musathamangire kukankhira zonse zitatu kuseri. Kaseva ka Node.js kamene simukakhudzako ndi kamene kakuyenera kukhala service, kutanthauza pulogalamu yoyenda yokha kuseri m'manja mwa systemd, mofanana ndi database. Django ndi Vite, zimene mumazisintha tsiku lonse, zimafuna diso lanu: zikalakwa muone pomwepo, ndipo nthawi zina mumafuna kuziimitsa pakati kuti muone zimene zikuchitika m'kati. Ndikusonyezani njira yoika nazonso kuseri, koma muona kuti ili ndi zovuta zake.

Chifukwa chake & imakugwiritsani mwala

Chizindikiro cha & sichilekanitsa seva ndi terminal. Chimangouza shell kuti isadikire, ikubwezereni mpata wolemba lamulo lina. Sevayo imakhalabe mwana wa shell imene yaiyambitsa, ndipo zonse zimene ikulemba zimapitabe pa terminal yomweyo. Tsono chimene chiichitikire chimadalira mmene mwatulukira. Mukatseka windo ndi mausi, bash imalandira chizindikiro chotchedwa SIGHUP n'kuchipereka kwa ntchito zake zonse, ndipo seva imazima. Mukalemba `exit` kapena kudina Ctrl+D, bash imangochoka osatumiza kanthu kwa zimene zikuyenda kuseri. Apa seva imatsala yamasiye, port ili nayobe, koma palibe poonera zimene ikulemba. Ikayesa kulemba pa terminal imene kulibenso imalandira cholakwika cha EIO, ndiye mutha kuipeza ili moyo koma ikukanika kuyankha masamba ena. Zochitika ziwiri zimene mwafotokozazi zikuchokera pamenepa.

Pali chachitatu chimene chimakhudza Vite. Pulogalamu imene ili kuseri ikayesa kuwerenga kiyibodi, imalandira SIGTTIN n'kuima chilili. Vite imamvetsera kiyibodi chifukwa ili ndi mabatani achidule, choncho `npm run dev &` nthawi zambiri imathera pa mawu akuti `Stopped`, ndipo tsamba silitsegulika.

Ambiri akafika apa amathamangira `nohup`. Lamuloli limauza process kuti isamvere SIGHUP, n'kutembenuzira zolemba zake ku fayilo ya `nohup.out`. Pa Python limagwira. Pa Node.js n'losadalirika, chifukwa Node ikamayamba imabwezeretsa mwakale kamvedwe ka zizindikiro zimene kholo linatseka, ndiye SIGHUP imaiphabe mukatseka windo. Ngakhale litagwira, palibe amene adzutse seva ikagwa, `nohup.out` imangokulirakulira, ndipo kuimitsa seva kumafuna kusaka nambala yake pamanja.

Musanachite china chilichonse, chotsani zotsalira. Lamulo ili likuuzani amene wagwira port 8000:

```
ss -ltnp 'sport = :8000'
```

Tengani nambala ya pid imene yaoneka, mulembe `kill` ndi nambalayo. Musayambe ndi `kill -9`. Django `runserver` imayenda ngati ma process awiri, kholo limene limadzutsa seva mafayilo akasintha ndi mwana amene wagwira port. Mukapha kholo ndi `-9` silipeza mpata wotsazika mwana wake, ndipo port imakhalabe yogwidwa. N'chimodzimodzinso ndi `npm run dev`, pamene npm imayambitsa shell, shell n'kuyambitsa node.

Zimene mukuzisintha lero zikhale mu tmux

Pa Django ndi Vite, vuto lanu lenileni ndi kutseka windo mwangozi, ndipo mankhwala ake ndi tmux, pulogalamu imene imasunga terminal yamoyo ngakhale windo itatsekedwa. Lembani `tmux new -s ntchito`, yambitsani Django, dinani Ctrl+b kenako % kuti mugawe windo, yambitsani Vite mbali inayo. Mukatseka terminal zonse zimapitiriza, chifukwa terminal yake yeniyeni ili m'manja mwa tmux. Mukafuna kubwerera, `tmux attach -t ntchito`. Kiyibodi imagwirabe, `breakpoint()` imagwirabe, Ctrl+C imagwirabe. Chimene tmux siichita ndi kudzutsa seva yakugwa kapena kuiyambitsanso kompyuta ikazimitsidwa, ndipo pa pulogalamu imene mukuilemba panopa simukufunanso zimenezo.

Service yanu ya systemd

systemd ili ndi mbali ziwiri. Ina imayendetsa kompyuta yonse ngati root, ndipo mafayilo ake ali mu `/etc/systemd/system`. Inayo ndi yanu, imayamba mukalowa mu akaunti yanu, imayendetsa zinthu m'dzina lanu, ndipo siifuna `sudo`. Gwiritsani ntchito yachiwiriyi. Seva yoyesera ikayenda ngati root imasiya mafayilo a root m'foda ya ntchito yanu: `__pycache__`, zithunzi zimene mwakweza poyesa, ngakhale fayilo ya SQLite. Tsiku limene mudzaiyendetse nokha idzakana kulemba, ndipo SQLite idzanena kuti database ndi yongowerenga. Choopsa kwambiri n'chakuti phukusi lililonse limene lili mu `node_modules` limakhala ndi mphamvu pa kompyuta yonse.

Pangani foda ya `~/.config/systemd/user` ngati kulibe, ndipo m'menemo mulembe fayilo ya `mauthenga.service`:

```
[Unit]
Description=Seva ya mauthenga yoyesera
StartLimitIntervalSec=60
StartLimitBurst=5

[Service]
WorkingDirectory=%h/ntchito/mauthenga
Environment=PATH=%h/.nvm/versions/node/v22.11.0/bin:/usr/local/bin:/usr/bin:/bin
EnvironmentFile=%h/ntchito/mauthenga/.env
ExecStart=%h/.nvm/versions/node/v22.11.0/bin/node server.js
Restart=on-failure
RestartSec=3

[Install]
WantedBy=default.target
```

`%h` ikuimira foda ya akaunti yanu. Njira ya node muitenge pa kompyuta yanu polemba `which node`, musakopere yangayi. Kenako:

```
systemctl --user daemon-reload
systemctl --user start mauthenga
systemctl --user status mauthenga
journalctl --user -u mauthenga -f
```

Lamulo lomalizali ndi limene lalowa m'malo mwa terminal yanu yachitatu. Zonse zimene seva ikulemba zimapita ku journal, ndi nthawi yake. `-n 100` imakupatsani mizere 100 yomaliza, `--since "10 min ago"` imakupatsani za mphindi 10 zapitazi, ndipo Ctrl+C imangotseka choonerapo osakhudza seva.

Mzere wa `PATH` ndi umene anthu ambiri amausiya, ndipo ndi umene umabweretsa mavuto ochuluka. systemd siwerenga `.bashrc` yanu. Zonse zimene shell imakukonzerani mukatsegula terminal, monga nvm, pyenv, virtualenv yoyatsidwa, ma alias ndi ma `export`, service sizidziwa. nvm, chida chosankhira mtundu wa Node, si pulogalamu yoima payokha, ndi kachidutswa ka shell kamene kamawerengedwa kuchokera mu `.bashrc`, choncho `nvm use` mu `ExecStart` singagwire. Ngakhale mutalemba njira yonse ya npm, mzere woyamba wa npm umasaka node kudzera mu `PATH`, ndiye ikhoza kulephera kapena kupeza node ina yakale ya mu `/usr/bin`. Chachiwirichi n'chimene chimasokoneza kwambiri, chifukwa seva imayamba bwinobwino koma n'kumakana khodi imene pa terminal imayenda.

`ExecStart` nayonso si shell. Simungaikemo `&&`, `|`, `>` kapena `cd` n'kuyembekezera kuti zigwira ngati pa terminal. Ngati mukuzifunadi, lembani kafayilo ka shell kapadera, ndipo mzere wake womaliza uyambe ndi `exec`, kuti seva ilowe m'malo mwa shellyo n'kumalandira zizindikiro mwachindunji.

Komanso seva isamadzikankhire yokha kuseri. Musaike & mu `ExecStart`, musagwiritse ntchito `--daemon` ya gunicorn (seva ya mapulogalamu a Python), musaitane pm2 (chida choyendetsera mapulogalamu a Node kuseri) kuchokera m'menemo. systemd imayang'anira process imene yaiyambitsa. Processyo ikabereka mwana n'kutuluka, systemd imaona ngati ntchito yatha, n'kupha zonse zotsala. Chizindikiro chake n'chakuti `status` imasonyeza `inactive` patangopita kanthawi mutayambitsa, popanda cholakwika chilichonse. Zimenezi zimachitikanso ndi zida zina zoyang'anira mafayilo zimene zimatuluka zikaona kuti kiyibodi kulibe, popeza service imalumikizidwa ku `/dev/null`. esbuild, chida chomangira khodi ya JavaScript, ndi imodzi mwa izo, ndipo imafuna `--watch=forever` kuti isatuluke.

Manambala a kudzukanso a mu `mauthenga.service` aja ndawasankha dala. Mukapanda kulemba kanthu, systemd imadikira mamilisekondi 100 isanadzutse service yakugwa, ndipo imagwa ulesi ikayesa kasanu m'masekondi 10. Mukasintha `RestartSec` kukhala 3 koma osakulitsa `StartLimitIntervalSec`, maulendo asanu amatenga masekondi oposa 10, malire safikidwa, ndipo seva yosweka imangodzuka ndi kugwa usiku wonse, kudya batire ndi kudzaza journal. Ndi masekondi 60 imayesa kasanu n'kuima. Mukakonza vuto, lembani `systemctl --user reset-failed mauthenga` musanayambitsenso. Mizere iwiri ya malireyi imakhala pansi pa `[Unit]`, osati `[Service]`. `Restart=on-failure` imadzutsa seva ikatuluka ndi cholakwika kapena ikaphedwa mwankhanza, koma mukaiimitsa nokha ndi `stop` imakhala chete.

Pamene mwalemba `stop`, systemd imatumiza SIGTERM kwa ma process onse a servicewo, makolo ndi ana omwe, n'kudikira masekondi 90, kenako n'kupha otsala ndi SIGKILL. Apa m'pamene vuto lanu la port yogwidwa limathera, chifukwa palibe mwana amene amatsala. Ngati `stop` ikumatenga nthawi yaitali, ndiye kuti khodi yanu ikugwira SIGTERM koma osatuluka, mwina ikudikira kulumikizana kwina kutseke. Konzani khodiyo, kapena ikani `TimeoutStopSec=10`.

Ikakana kuyamba, nambala imene ili pa `status` imanena zambiri. `203/EXEC` ikutanthauza kuti pulogalamu ya mu `ExecStart` sinapezeke kapena ilibe chilolezo choyenda. Mudzaiona tsiku limene mudzakweze Node ndi nvm n'kuchotsa yakale, chifukwa nambala ya mtundu ili m'njira muja. `200/CHDIR` ikutanthauza kuti `WorkingDirectory` kulibe. Musaike mzere wa `User=` mu service ya mbali yanuyi, chifukwa ikuyenda kale m'dzina lanu. Ngati nambala ndi 1, systemd yachita mbali yake ndipo yagwa ndi pulogalamu yanu, pitani ku journal.

Fayilo ya `.env` ili ndi misampha iwiri. `EnvironmentFile` imafuna mizere ya `DZINA=mtengo` basi. Mzere woyamba ndi `export` suwerengedwa, ndipo `$DZINA_LINA` m'kati mwa mtengo sisinthidwa, imapita momwemo. Msampha wachiwiri ndi wobisika: ngati pulogalamu yanu imawerenga yokha `.env` ndi dotenv, musaikenso `EnvironmentFile`. dotenv ya Node ndi python-dotenv zonse sizisintha dzina limene lapatsidwa kale mtengo. Ndiye mukasintha `.env`, choyang'anira mafayilo n'kudzutsanso seva, mtengo wakale umene systemd inawerenga poyamba ndi umene umapambana, ndipo mumangodabwa kuti kusintha kwanu kwapita kuti. Sankhani njira imodzi.

Iziyamba yokha kapena ayi

`systemctl --user enable mauthenga` imachititsa kuti service iziyamba mukalowa mu akaunti yanu. Mbali yanu ya systemd imayamba mukalowa koyamba ndi kuzima mukatulukiratu. Ngati mukufuna kuti iziyamba kompyuta ikangoyaka, musanalowe n'komwe, onjezani `loginctl enable-linger $USER`. Pa laputopu zimenezi sizifunika kawirikawiri. Zimathandiza pa makina amene mumalowamo ndi SSH, pamene kutuluka kukanazimitsa zonse.

Ine ndingayatse `enable` pa kaseva kamauthengako kokha, ngati mumagwira ntchitoyi tsiku ndi tsiku. Chilichonse choyang'anira mafayilo chisiyeni choyambitsa pamanja. Django, ngati simunaikemo Watchman (chida china choyang'anira mafayilo), imayendera mafayilo ake sekondi iliyonse kuona ngati asintha, ndipo zimenezi zimadya batire ngakhale mukungowerenga nkhani. Zida za JavaScript zimagwiritsa ntchito inotify, njira ya Linux yodziwitsira kuti fayilo yasintha, imene ili ndi malire pa akaunti iliyonse. Seva zingapo zoiwalika pamodzi ndi pulogalamu yolembera khodi zikhoza kumaliza malirewo, n'kumaona cholakwika cha ENOSPC chonena za ma watcher pamene disiki ili ndi malo ambiri. Malirewo ndi `fs.inotify.max_user_watches`, ndipo anthu ambiri amawakweza kufika 524288 kudzera mu `/etc/sysctl.d`. Musanakweze, onani kaye ngati chida china sichikuyang'anira `node_modules` yonse pachabe.

Mukaumirira kuika Django kuseri

Fayilo yake ndi yofanana, kusiyana kuli pa mizere iyi:

```
WorkingDirectory=%h/ntchito/sitolo
Environment=PYTHONUNBUFFERED=1
ExecStartPre=/bin/sh -c 'until pg_isready -q -h 127.0.0.1; do sleep 1; done'
ExecStart=%h/ntchito/sitolo/.venv/bin/python manage.py runserver 127.0.0.1:8000
```

Simufunika `activate`. Kuitana python ya m'kati mwa `.venv` n'kokwanira kuti mapukusi a m'menemo apezeke. `PYTHONUNBUFFERED=1` ndi yofunika chifukwa Python ikaona kuti sikulemba pa terminal imasunga kaye zolemba za `print` mpaka zichuluke, ndiye mu journal zimafika mochedwa kapena zosemphana ndi mizere ina.

`ExecStartPre` ija ikuthana ndi vuto limene ambiri saliyembekezera. PostgreSQL yoikidwa ndi apt ili mbali ya root ya systemd, service yanu ili mbali yanu, ndipo mbali ziwirizi sizionana. Kulemba `After=postgresql.service` mu fayilo yanu sikuchita kanthu, ndipo palibe amene akuchenjezeni. Tsono Django `runserver` ikamayamba imafunsa database za ma migration. Ikapeza kuti database sinadzuke, kachigawo kamene kamayenera kumvetsera port kamagwa, koma choyang'anira mafayilo chimakhalabe moyo kudikira kuti musinthe khodi. systemd imaona process yamoyo n'kumasonyeza `active` wobiriwira, pamene port 8000 palibe amene akumvetsera. nodemon, choyang'anira mafayilo cha Node, imachitanso chimodzimodzi: pulogalamu ikagwa imalemba kuti ikudikira mafayilo asinthe, ndipo siituluka, choncho `Restart=on-failure` sidzukanso. Mzere wa `pg_isready` umadikira database sekondi ndi sekondi, ndipo ukapitirira masekondi 90 systemd imauletsa n'kulemba kuti kuyamba kwalephera, zimene zili zoona.

N'chifukwa chake pa seva iliyonse yokhala ndi choyang'anira mafayilo, `status` yokha musaikhulupirire. Funsani port yeniyeniyo:

```
curl -sI http://127.0.0.1:8000/
```

Lembani 127.0.0.1, osati `localhost`, poyesa komanso m'makonzedwe a proxy ya Vite. Pa makompyuta ambiri `localhost` imaloza ma adiresi awiri, 127.0.0.1 ndi ::1. Kuyambira Node 17, Node inasiya kuika IPv4 patsogolo, choncho, makamaka pa mitundu ya Node yosafika 20, ikhoza kugogoda pa ::1 pamene Django ikumvetsera pa 127.0.0.1 pokha, n'kubweza ECONNREFUSED seva ili bwinobwino. Pa Vite onjezaninso `--strictPort`. Popanda zimenezo, ikapeza 5173 yagwidwa imasamukira mwakachetechete ku 5174, ndipo inu mumapitiriza kutsegula seva yakale pa 5173 n'kumadabwa kuti kusintha sikukuoneka.

Chinanso chimene mumataya ndi `breakpoint()`. pdb, chofufuzira cha Python chimene imatsegula, imafuna kiyibodi, ndipo service ilibe, choncho pempho limangogwa ndi cholakwika. Mungathe kulumikiza chofufuzira kudzera pa netiweki, debugpy pa port 5678 kapena `node --inspect` pa 9229, koma njira yachidule ndi kuimitsa service, kuyendetsa seva pamanja mpaka vuto lipezeke, kenako kuibwezera. Mukaiwala kuimitsa, mulandira uthenga womwe uja wa port yogwidwa, ndipo `kill -9` siithandiza chifukwa systemd imaidzutsanso pakatha masekondi atatu. Mukaona process imene ikumabwerera mutaipha, yang'anani `systemctl --user list-units --type=service`.

Seva yosaoneka imaiwalika, ndipo pali zosintha zimene choyang'anira mafayilo sichiona. Mukasintha fayilo ya `.service` pamafunika `daemon-reload` kenako `restart`. Mukasintha fayilo ya `EnvironmentFile`, `restart` yokha ikwanira. Mukachita `pip install` kapena `npm install`, chitaninso `restart`, chifukwa process yakale yasunga kale mapukusi akale mu memory yake. Samalani kwambiri ndi `git checkout`: service imayendetsa khodi imene ili m'fodamo panthawiyo, ndiye mukasamukira ku nthambi ina seva imatsatira, koma database imakhalabe ndi ma migration a nthambi yoyamba. Kaseva kamauthenga kamene kalibe choyang'anira mafayilo kamachita zosiyana: kamapitiriza ndi khodi yakale mpaka mutakadzutsanso, ngakhale mutakoka zatsopano ndi `git pull`.

Akumvetsera ndani

Mfundo iyi musailumphe. Seva ya pa terminal imazima mukamaliza ntchito. Service imapita nanu kulikonse kumene laputopu yapita, ndipo imamvetsera pa Wi-Fi iliyonse imene mwalumikizako. Django ndi Vite zimamvetsera pa kompyuta yanu yokha pokhapokha mutazilamula mwina. Node ndi yosiyana: `app.listen(3000)` popanda adiresi imamvetsera mbali zonse. Lembani `app.listen(3000, '127.0.0.1')`. Kuti mutsimikize, yendetsani `ss -ltnp` muone kumanzere kwa nambala ya port. `127.0.0.1` ndi `[::1]` zili bwino. `0.0.0.0`, `[::]` kapena `*` zikutanthauza kuti aliyense wa pa netiweki yomweyo angathe kufika, ngati firewall sikumuletsa.

Seva zoyesera zimaulula zambiri. Django yokhala ndi `DEBUG=True` imasonyeza khodi ndi makonzedwe ambiri pa tsamba la cholakwika. Chofufuzira cha Werkzeug chimene Flask (chida china cha Python chopangira masamba ngati Django) imagwiritsa ntchito chimalola kuyendetsa khodi ya Python kuchokera mu browser, ndipo chotchinga chake ndi nambala ya PIN yokha. Ma port a debugpy ndi `--inspect` amapereka mphamvu yomweyo. Ngati mukufuna kuyesa pa foni, tsegulani 0.0.0.0 pamanja pa terminal, kwa nthawi yoyesayo basi, osati mu fayilo ya service. Ngati database yanu ili mu Docker, dziwani kuti `5432:5432` imatsegula mbali zonse ndipo malamulo a ufw, firewall ya Ubuntu, saitchinga, chifukwa Docker imalemba malamulo akeake a netiweki. Lembani `127.0.0.1:5432:5432`.

Ena amafuna port 80 kuti asamalembe nambala pa adiresi. Pa Linux ma port osafika 1024 amafuna mphamvu zapadera, ndipo chimenechi si chifukwa chokwanira choyendetsera seva ngati root. Ngati mukufunadi, ikani nginx kapena Caddy kutsogolo kuti izipereka mapempho ku 8000.

Pa makina ena

Ngati anzanu a pa ntchitoyi ali ndi macOS, ntchito ya systemd imagwiridwa ndi launchd. Amalemba fayilo ya plist mu `~/Library/LaunchAgents`, yokhala ndi `Label`, `ProgramArguments`, `WorkingDirectory`, `RunAtLoad`, `KeepAlive`, komanso `StandardOutPath` ndi `StandardErrorPath` kuti zolemba zisatayike. Imayatsidwa ndi `launchctl bootstrap gui/$UID` ndi njira ya fayiloyo, imachotsedwa ndi `bootout`. Vuto la `PATH` liliponso: launchd imangodziwa `/usr/bin`, `/bin`, `/usr/sbin` ndi `/sbin`, pamene Homebrew imaika zinthu mu `/opt/homebrew/bin` pa makina a Apple Silicon. Foda ya ntchito isakhale mu Desktop, Documents kapena Downloads, chifukwa macOS imateteza mafoda amenewa ndipo ikhoza kukaniza pulogalamu yoyambitsidwa ndi launchd. Kuyambira macOS Monterey, AirPlay Receiver imagwira port 5000, imene ndi ya Flask.

Pa Windows, pulogalamu wamba singakhale service mwachindunji, chifukwa service imayenera kuyankhulana ndi Service Control Manager. Mukailembetsa ndi `sc create` imagwa ndi cholakwika 1053. Pamafunika chokutira monga WinSW kapena NSSM, apo ayi Task Scheduler yoyambitsa munthu akalowa. Amene ali pa WSL 2, Linux yoyenda m'kati mwa Windows, angagwiritse ntchito fayilo ya systemd yomwe ija akaika `systemd=true` pansi pa `[boot]` mu `/etc/wsl.conf` n'kuchita `wsl --shutdown`. Asunge khodi m'kati mwa Linux, osati mu `/mnt/c`, chifukwa kusintha kochokera ku Windows sikudzutsa inotify kumeneko. Adziwenso kuti ma service okha saletsa WSL kuzima ikaona kuti palibe amene akuigwiritsa ntchito.

Gulu likakhala la makina osiyanasiyana, kusunga mafayilo atatu osiyana n'kotopetsa. Apa Docker Compose ndi yabwino pa zinthu zimene simuzisintha: `docker compose up -d`, `restart: unless-stopped`, ndi `depends_on` yokhala ndi `condition: service_healthy` kuti seva idikire database itakonzekadi. pm2 nayo imagwira pa makina onse atatu, ndi `pm2 start server.js --name mauthenga` ndi `pm2 logs`, koma pa Linux `pm2 startup` imangolemba service ya systemd yoyendetsa pm2yo. Pa kaseva kamodzi pa Ubuntu, ndi chigawo chowonjezera chimene simukuchifuna.

Ngati mukungofuna kukankhira chinthu kuseri kwa masana amodzi osalemba fayilo, pali `systemd-run --user --unit=kanthawi --same-dir` kutsatiridwa ndi lamulo lanu ndi njira yake yonse. Journal ndi `stop` zimagwira chimodzimodzi, ndipo mukaiimitsa palibe chotsala.

Ntchito ikadzatha, kapena mukadzasamutsa foda, chotsani service bwinobwino kuti isamadzuke ndi kugwa nthawi iliyonse mukalowa:

```
systemctl --user disable --now mauthenga
rm ~/.config/systemd/user/mauthenga.service
systemctl --user daemon-reload
systemctl --user reset-failed
```

Yambani ndi `disable` fayilo isanachotsedwe, chifukwa ndi imene imafufuta kalumikizidwe kamene `enable` inaika mu `default.target.wants`. Mukachotsa fayilo kaye, kalumikizidweko kamatsala kakuloza pachabe, ndipo mungafunike kukachotsa pamanja m'foda ya `~/.config/systemd/user/default.target.wants`.